The Sims 4: gemu yaulere imene inandifunsa zimene Chichewa sichifunsa

Mwana wanga wachiwiri, mtsikana wa zaka 13, anandiimbira nyimbo imodzi kwa miyezi itatu: "Amayi, The Sims 4 ndi yaulere. Anzanga onse ali nayo." Ine mawu akuti chaulere ndimawaopa kuyambira kale. Ndakhala ku Leicester, ku England kuno, zaka zokwanira kudziwa kuti munthu akakupatsa chinthu chaulere, ndiye kuti waona kale kumene kuli chikwama chako. Komanso pa gulu lathu la WhatsApp la amayi a kutchalitchi panali patadutsa uthenga wina, wa mtundu uja wongopatsirana osadziwa mwini wake, wochenjeza kuti gemu imeneyi imaphunzitsa ana kusankha kukhala amuna kapena akazi ngati akusankha malaya pa kaunjika. Ndiye ndinamuuza kuti adikire, ndiyambe ndaiona ndekha. Safunsa anadya phula.

Ndinkati ndiiona kwa ola limodzi. Papita miyezi isanu ndi iwiri, ndipo ndikulemba izi ndili ndi banja la anthu asanu ndi mmodzi m'tauni ya m'gemumo yotchedwa Willow Creek, ngongole ya magetsi yosalipira, ndi agogo aamuna amene anatsala pang'ono kupsa akuphika macaroni. Mwini wake wa pempho lija amaipeza laputopu ine ndikakhala kuntchito.

Kwa amene simunaionepo, The Sims ndi gemu ya moyo wa tsiku ndi tsiku. Mulibe nkhondo, mulibe zigoli, palibe pamene imakuuza kuti wapambana. Umapanga munthu, amene amatchedwa Sim, n'kumupezera nyumba ndi ntchito, kenako udindo wako ndi kuona kuti wadya, wasamba, wagona, wapita kuchimbudzi, wacheza ndi anzake ndiponso wasangalalako. Chilichonse mwa zisanu ndi chimodzi zimenezi chili ndi kamzere kake, kamene kamachoka pobiriwira kupita pofiira ukachinyalanyaza. Ndinaseka nditaona, chifukwa ndi ntchito yomweyo imene ndimagwira usiku kunyumba yosamalira okalamba, kungoti kuno palibe wondilipira. Yoyamba inatuluka mu 2000, yopangidwa ndi Maxis ya ku California pansi pa kampani ya Electronic Arts. Iyi ndi yachinayi, inatuluka mu September 2014, ndipo anaisandutsa yaulere mu October 2022. Anthu ake amayankhula chiyankhulo chopeka chotchedwa Simlish, moni wawo ndi "sul sul". Bambo a kunyumba tsopano amandilonjera choncho ndikamalowa m'mawa, pofuna kundinena.

Za ndalama tiyambe tathana nazo, chifukwa mantha anga aja sanali a chabe. Gemu yeniyeniyo ndi yaulere ndithu, ndipo si chigoba chopanda kanthu: muli matauni atatu, ntchito zingapo, kumanga nyumba kuyambira maziko mpaka denga, ukwati, ana, ukalamba ndi imfa. Ukaitsitsa ukhoza kumasewera popanda intaneti, koma kutsitsako kumadya data kwambiri, moti amene muli kumudzi musayese ndi bandulo ya pa foni, pezani wifi. Koma mukafuna mvula, mugule. Sindikuseka: dzinja ndi chilimwe zimagulitsidwa padera, m'phukusi lotchedwa Seasons. Galu ndi mphaka, phukusi lina. Yunivesite, linanso. Phukusi lalikulu ndi madola 39.99 a ku America, lapakati 19.99, laling'ono 9.99, ndipo wofuna kugula zonse amadutsa madola 1,000. Ukangotsegula gemu, maphukusi aja amakhala ali pakhomo kukuyang'ana ngati ogulitsa mandasi pawindo la basi. Ife tinagula limodzi lokha, la mvula lija, nthawi imene anatsitsa mitengo, ndipo ndinamuuza mwana kuti galu azikamuona kwa aneba. Laputopu yathu ndi nkhalamba ya zaka zisanu ndi chimodzi, imatentha ngati mbaula, koma tikaika pa laptop mode imakoka ndithu.

Tsopano nkhani imene amayi a pa WhatsApp ankanena. Ili poyambirira penipeni, pamene umapanga munthu. Pali zizindikiro ziwiri zija tonse timazidziwa, chachimuna ndi chachikazi, ndipo uyenera kudina chimodzi. Ukadina n'kupitirira kukasankha mphuno ndi nsapato, ukhoza kusewera chaka chathunthu osadziwa kuti pali zinanso. Koma pafupi ndi zizindikirozo pali kabatani ka timadontho titatu. Ukakadina, gemu imamasula mtolo umene ife timausenza womangamanga, n'kuyala nkhuni imodziimodzi. Thupi likhale la maonekedwe achimuna kapena achikazi? Zovala azikonda za mbali iti? Munthuyu angathe kutenga mimba, kupereka mimba, kapena zonse ayi? Kenako funso limene linandigwetsa ndi phwete pakati pa usiku, mpaka ndinadzutsa bambo a kunyumba: kodi angathe kukodza ataimirira? Funso lililonse lili palokha, yankho la ili silikakamiza yankho la linzake. Za amene munthuyo amakopeka naye zili pa tsamba lina, limene linabwera mu July 2022, ndipo kulekanitsa kumeneku kunandiphunzitsa kanthu. Kwathu zonsezi timaziponya m'thumba limodzi n'kulemba mawu amodzi achipongwe pamwamba. Koma kuti iwe ndiwe ndani ndi funso lina, kuti umakonda ndani ndi linanso.

Kabatani kaja anakaika mu June 2016, mogwirizana ndi bungwe la ku America la GLAAD, limene limatsata mmene mafilimu, ma TV ndi magemu amaonetsera anthu a LGBT. Tsiku lomwelo zovala, matsitsi ndi zina zoposa 700 zimene zinali za mbali imodzi zinatsegulidwa kwa aliyense, pamodzi ndi mawu ndi kayendedwe. Ndikuyendetsa chala pa mndandanda wa zovalazo, maganizo anandithawira ku Dedza. Ine ndinakulira pansi pa lamulo la kavalidwe la 1973, pamene mkazi kuvala thalauza kapena siketi yoonetsa mawondo unali mlandu, ndipo mwamuna sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali. Lamulo lija linachotsedwa mu 1993 ndili ndi zaka 12, ndipo ndimamukumbukira mkazi woyamba amene ndinamuona atavala thalauza pa msika, ndi mmene anyamata anamukuwizira mpaka anakabisala m'golosale. Lero thalauza ndi yunifomu yanga usiku uliwonse. Mayi anga, amene ankati dziko latha, amavala yawo mkati mwa chitenje kukazizira mu June. Sindikunena kuti thalauza ndi nkhani imodzi ndi iyi, ayi. Ndikungonena kuti malire a chachimuna ndi chachikazi ndinawaonapo ndi maso anga akusunthidwa, ndipo anasunthidwa ndi cholembera cha boma.

Chimene chinandikhazika pansi kwenikweni ndi kabokosi ka pafupi ndi dzina. Kuyambira May 2022, ukamalemba dzina la Sim wako ukhoza kusankhanso alowam'malo ake: he, she, they, kapena kulemba akoako m'timabokosi tisanu, kamodzi pa kagwiritsidwe kalikonse ka m'chiganizo. Poyamba zinali za Chingerezi chokha, ndipo n'zomveka, chifukwa m'ziyankhulo ngati Chifalansa ndi Chijeremani chimuna ndi chikazi chinalowerera mpaka m'mafupa a chiganizo.

Nditamulola mwana, munthu woyamba amene anapanga anamutcha Chikondi. Khungu lakuda bwino ngati lathu, zimene zinatheka bwino kuyambira December 2020 pamene anaonjezera mitundu ya khungu yoposa 100, osewera achikuda atadandaula kwa zaka kuti yakale ija inkaoneka yotuwa ngati munthu wosadzola. Mapewa aakulu, mawu ofewa, tsitsi loluka, Lolemba suti, Lachiwiri siketi. Pa kabokosi kaja anasankha they. Ndiye anatembenuka, n'kuyamba kundifotokozera pang'onopang'ono, ndi mawu aja ana obadwira kuno amayankhulira makolo awo ngati akuyankhula ndi wodwala: kuti pali anthu amene sadziona kuti ndi amuna kapena akazi, pa Chingerezi amati non-binary, ndipo ambiri a iwo amafuna kutchulidwa they ngakhale munthuyo ali mmodzi, ndipo akudziwa kuti kwa ine zikhala zovuta kuzolowera.

Ndinamufunsa: "Iwe, agogo ako a ku Dedza alipo angati?"

"Mmodzi."

"Nanga akafika pakhomo timati wabwera kapena abwera?"

Anakhala chete, kenako anati, "Abwera."

"Ndiye ukundiphunzitsa chiyani?"

Kunena zoona, gemuyi ikuchiza matenda a Chingerezi amene Chichewa sichinadwalepo. Ife tili ndi iye, basi. Iye wapita kumunda, iye wabereka, iye wagula njinga, palibe pamene chiganizo chimakugwira pakhosi kuti uyambe wanena ngati ndi mwamuna kapena mkazi. Ndipo munthu mmodzi timamutchula ngati gulu tsiku lililonse, iwo, akakhala wamkulu kapena woyenera ulemu. Taonani mawu athu a ubale: mwana, mdzukulu, msuweni, mlamu, apongozi, agogo. Onsewa sanena kanthu za chimuna kapena chikazi pokhapokha utaonjezera wekha. Mlongo ndiye wochititsa chidwi kuposa onse, chifukwa tanthauzo lake limadalira amene akuyankhula: mlongo wanga ine ndi mwamuna, mlongo wa bambo a kunyumba ndi mkazi. Mphwanga ndi wamng'ono wanga wofanana nane. Malume, ukawaphwanya mawuwo, ndi mayi wachimuna. Nanga maina? Chikondi, Chisomo, Mphatso, Madalitso, Thokozani, Tiyamike, Pemphero. Kalata ikabwera yosainidwa ndi Mphatso, sungadziwe ngati ukakumana ndi ndevu kapena ndolo.

N'chifukwa chake ambiri a ife tikamayankhula Chingerezi timasakaniza he ndi she mpaka kukalamba. Chaka changa choyamba kuntchito ndinalemba lipoti lonse la usiku la agogo ena aakazi ndikuwatchula he kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo wa m'mawa anayenda chipinda ndi chipinda kufunafuna bambo amene anakana kumwa mankhwala. Mutu wanga sunazolowere kuima pakati pa chiganizo kuti uyang'ane m'kabudula mwa munthu.

Kuntchito komweko tili ndi mnzathu wachinyamata, wa zaka za m'ma 20, amene pa baji yake palembedwa they/them. Anzathu obadwira kuno ena amavutika nazo, ena amachita dala. Ine ndinapeza njira yanga: m'mutu ndimangoti iwo, ngati ndikunena za a mfumu, kenako n'kutembenuza. Nditawauza zimenezi pa tiyi wa 3 koloko usiku anaseka mpaka misozi, akuti ndiye kuti m'chiyankhulo chanu ine ndine nduna. Ndi iwowa amene anandionetsa kuti m'gemumu ukhoza kusintha zonsezi ngakhale munthu wako atakula kale, pongomuimika pa galasi kapena pa kabati ya zovala. Anandiuzanso kuti ali wamng'ono, asanauze munthu aliyense, anayamba wadzipanga m'gemu yomweyi n'kumadziyang'ana akuyendayenda m'khitchini, kuti aone ngati angapirire kudziona choncho.

Mawu amenewo ndi amene anandithandiza kuona kusiyana kwa gemuyi ndi TV. Tikukula, mwamuna wovala diresi pa sewero anali wa nthabwala basi, kaya ndi sewero la kusukulu kaya la pa kanema: aike mapilo pachifuwa, apyapyalitse mawu, anthu agwe ndi kuseka. M'mafilimu a azungu akale amakhala chitsiru kapena chigawenga chosokonekera mutu. Zinthu zinayamba kutembenuka posachedwapa. Mu 2017 sewero la ku America la Billions linabweretsa Taylor Mason, katswiri wa za ndalama amene amadzitchula they, woseweredwa ndi Asia Kate Dillon, amenenso ndi non-binary m'moyo weniweni. Mu 2019 a dikishonale ya Merriam-Webster anasankha they kukhala mawu a chaka. Mu 2021 Sex Education ya pa Netflix inabweretsa Cal, woseweredwa ndi Dua Saleh, wobadwira ku Sudan, ndipo ameneyu anandigwira mtima chifukwa anali wakuda ndipo mkangano wake ndi sukulu unali wa yunifomu, nkhani yanga ya thalauza ija yavala nkhope ina. Mu May 2024 ndinali pa ntchito usiku wa Eurovision, mpikisano wa nyimbo wa maiko a ku Ulaya, tikuonera m'chipinda chochezera ndi okalamba anayi amene anakana kugona, pamene Nemo wa ku Switzerland anapambana ku Malmö atavala siketi ya pinki, woyamba wa non-binary kutenga chikhocho, n'kuchithyola pa siteji pomwepo. Agogo ena aakazi a zaka zoposa 90 anandifunsa ngati ndi mnyamata kapena mtsikana. Ndisanayankhe anati zilibe kanthu, mawu ali nawo.

Sikuti zonse zayenda myaa. A BRIT Awards, opereka mphoto za oimba ku Britain kuno, anachotsa magawo a oimba aamuna ndi aakazi mu 2022 kuti aliyense akwane, ndipo chaka chotsatira onse asanu opikisana pa mphoto yaikulu ya woimba wa chaka anali amuna. Walira mvula walira matope. Koma chimene ndaona pa TV n'chakuti munthu wotereyu akangolowa m'sewero, kawirikawiri amamusenzetsa ntchito ya uphunzitsi. Aime, afotokoze kuti iye ndi ndani, wina amunyoze, wina amuteteze, nyimbo yachisoni ilire. Moyo wake wonse ndi phunziro la oonera.

Chikondi wa mwana wanga alibe nthawi imeneyo. Anayamba ntchito yotsuka mbale m'lesitilanti ndi ndalama zoyambira 20,000 zimene gemu imapatsa munthu mmodzi, n'kuthera zonse pa kanyumba kopanda makatani. Chimbudzi chimaphulika Lachitatu lililonse. Anakangana ndi mneba chifukwa cha nthabwala yosakoma. Panopa akwezedwa kawiri, amaphika bwino, ndipo akusunga ndalama ya bafa. Palibe tsiku limene anaimapo kufotokozera munthu chilichonse. Mauthenga a gemu akamatuluka pakona amangoti they, nkhani n'kupitirira. Apa ndiye pali ubwino waukulu wa The Sims 4 pa nkhani imeneyi, ndipo ndikuupereka ndi manja awiri: munthuyo amaloledwa kukhala wotopetsa ngati wina aliyense.

Koma pomwepanso ndi pamene pali bodza lake. M'tauni ya Willow Creek palibe amene amacheuka. Chikondi alowe mu bala atavala siketi ndi mapewa akewo, palibe woyang'anitsitsa, palibe wonong'ona, palibe mwininyumba wowauza kuti nyumba yatengedwa kale. Gemu ili ndi moto, ili ndi imfa yoyenda ndi chikwakwa, ili ndi nsanje ndi chigololo, koma ilibe maso a anthu. Mwana amene wangodziwira nkhaniyi m'menemu angaganize kuti zonse zimathera pa kabokosi ka pafupi ndi dzina.

Ine ndikudziwa kuti sizithera pamenepo, chifukwa ndimachokera ku dziko limene kabokosi kaja n'kosafunika n'komwe, koma sitinakhale achifundo chifukwa cha icho. Ndinali ku Lilongwe mu December 2009 pamene Tiwonge Chimbalanga ndi Steven Monjeza anachita chinkhoswe ku Blantyre n'kumangidwa. Mu May 2010 anawagamula zaka 14, ndipo mwezi womwewo Bingu wa Mutharika anawakhululukira atakumana ndi Ban Ki-moon, mlembi wamkulu wa United Nations pa nthawiyo. Manyuzipepala a kwathu ndi a kunja omwe analemba za amuna awiri. Koma Tiwonge ankanena poyera kuti ndi mkazi, ankakhala ngati mkazi, anthu ankamudziwa kuti Aunt Tiwo. Pa wailesi ya Chichewa panalibe vuto la he kapena she, iye anakwanira bwinobwino. Koma kunja kwa khoti anthu ankadzaza kudzaseka ndi kukuwiza ngati kwabwera zisudzo. Ineyo ndinaseka nawo, mu minibasi, nyuzipepala ili m'manja mwa munthu wa pambali panga. Ndikulemba zimenezi chifukwa ndinazikumbukira ndikuyang'ana Chikondi akutsuka mbale, ndipo sizinandikomere. Mu June 2024 khoti loona za malamulo aakulu a dziko linakana kuchotsa malamulo oletsa amuna kugonana okhaokha amene anamangitsa awiri aja, pa mlandu umene mmodzi mwa odandaula anali Jana Gonani, amenenso amadziona kuti ndi mkazi.

Chiyankhulo chathu sichifunsa, koma mudzi umafunsa, ndipo umafunsa molimba. Pa maliro amuna pa mipando uko, akazi pa mphasa uku. M'tchalitchi zambiri mbali iyi ndi iyo. Mfunda womwewo, uyu ndi Phiri, uyu ndi Naphiri. Ku chinamwali ndiye osanena. Mwana akangobadwa, funso loyamba pa foni ndi lakuti, ndi mwana wanji?

Pali chinanso chimene makolo muyenera kudziwa musanalole, ndipo sindikubisirani. Mu January 2023 anaonjezera, mwa zosankha za achinyamata ndi akuluakulu, chovala chomangira chifuwa kuti chisaoneke, ndi zipsera za opaleshoni yochotsa mabere. Tsiku lomwelo anaikanso zothandizira kumva ndi kachipangizo koyezera shuga kopachika pa mkono, zimene ine wa ntchito yosamalira anthu ndinakondwa kuziona, chifukwa theka la anthu anga amavala zimenezi ndipo sawaonetsa paliponse. Koma za zipsera zija ndinaima. Sizimadzibweretsa zokha, uyenera kukazifuna, komabe zilipo, ndipo gemuyi ku Ulaya kuno anaiika pa zaka 12 kupita m'tsogolo. Ine pa nkhani ya mpeni ndi thupi la mwana ndili ndi maganizo anga okhwima, ndine mayi komanso ndine wa Mvano, ndipo ndinamukhazika pansi mwana n'kumuuza. Iye anandiuza ake. Sitinagwirizane zonse. Koma tinayankhula ola lathunthu pa nkhani imene mayi anga ndi ine sitikanaiyamba n'komwe, ndipo anandiuza za mnzake wa m'kalasi amene ndinkangomudziwa dzina. Pa za chikondi cha m'gemu, kuti ndimalize mbali ya makolo: ogonana amalowa m'bulangete n'kumagwedezeka, timitima tikuuluka, palibe chooneka, ndipo posamba thupi amaliphimba ndi timabokosi. Ndaona zoopsa kuposa izi pa nyimbo za masana pa TV.

Ndinenenso kuti ngakhale pa zimene ikudzitama nazo, gemuyi sinafike. Zizindikiro ziwiri zija zikadali pakhomo, ndipo palibe chachitatu. Chikondi, pansi pa zonse zimene mwana anasankha, gemu inayamba yawalemba mbali imodzi. Mnzanga wa kuntchito uja amati zili ngati nyumba yakale imene aiboola mawindo atsopano koma maziko ndi omwe aja. Ku Britain kuno n'chimodzimodzi: pasipoti ili ndi M ndi F basi, ndipo mu April 2025 khoti lalikulu linagamula kuti mawu akuti mkazi m'lamulo la Equality Act la 2010 akutanthauza wobadwa mkazi. Mphepo imene inkaomba mbali imodzi zaka khumi zapitazi yayamba kubwerera. Mu September 2025 kunalengezedwa kuti Electronic Arts ikugulidwa pa madola 55 biliyoni ndi gulu limene mkati mwake muli thumba la chuma la boma la Saudi Arabia, ndipo ena mwa osewera otchuka a The Sims pa YouTube anatuluka m'ndondomeko ya kampaniyo yogwirira ntchito limodzi, poopa kumene zinthu zingalowere. Kabatani kamene kanabwera ndi update kangathenso kupita ndi update. Pamene ndikulemba pano kakadalipo.

Ndiye ndiilimbikitse kapena ayi? Kwa munthu wokonda kumanga ndi kukongoletsa nyumba, tsitsani lero, simulipira kanthu ndipo mudzaiwala kuphika. Kwa wofuna mpira kapena nkhondo, mudzagona pa mphindi khumi. Kwa kholo, musachotse khadi la kubanki m'chikwama, ndipo madzulo oyamba khalani pambali pa mwanayo pamene akupanga munthu wake, chifukwa zimene asankhe pamenepo zikuuzani zambiri kuposa zimene angakuuzeni mutamufunsa. Kwa amayi anzanga a pa WhatsApp, uthenga uja unanama pang'ono: gemuyi siphunzitsa kanthu, siyankhula n'komwe chiyankhulo cha anthu. Imangoyala zinthu n'kukusiya. Pa nyenyezi zisanu ndikuipatsa zinayi, imodzi ndachotsera mvula yogulitsa.

Lamlungu lapitali tinaimbira mayi anga pa vidiyo, ndipo mdzukulu wawo anatembenuzira foni ku laputopu kuti awaonetse nyumba imene wamanga. Chikondi anali m'khitchini, atavala siketi yobiriwira, akukazinga mazira. Mayi anayandikitsa nkhope pa foni mpaka tinkangoona chipumi.

"Ameneyu ndi mnyamata kapena mtsikana?"

Sipanathe ngakhale masekondi atatu. Mwana anandiyang'ana, ine ndinayang'ana kudenga.

"Ndi Chikondi, agogo."

"Chikondi wa kwa yani?"

"Wa kwa Phiri."

Anakhala kaye chete, akuyang'ana mazira aja. Kenako anafunsa kuti nanga abale ake ali kuti, munthu angagone bwanji yekha m'nyumba ya zipinda zinayi, akadwala usiku amuthandiza ndani. Analamula kuti tiikemo mayi ake, malume ake ndi ana angapo. Tinawauza kuti gemu imalola anthu asanu ndi atatu okha pa khomo limodzi. Anati amenewo si banja, ndi alendo odikira basi, ndipo anapempha kuti tiwapatse bambo a kunyumba akambirane za feteleza.